Eileen Gray (1878–1976)

Eileen Gray anali katswiri wokonza mipando ndi kulemba mapulani a nyumba. Anabadwira pafupi ndi Enniscorthy ku Ireland, koma zaka zambiri za moyo wake anakhala ku Paris. Anaphunzira zojambula pa Slade School ku London, ndipo luso lopaka utoto wonyezimira wotchedwa lacquer analitengera kwa mmisiri wa ku Japan, Seizo Sugawara. Mu 1922 anatsegula sitolo yake ku Paris n'kuipatsa dzina lachimuna, Jean Désert.

Ntchito yake yaikulu ndi nyumba yotchedwa E-1027, yomwe inamangidwa pagombe la nyanja ku Roquebrune-Cap-Martin, kumwera kwa France, kuyambira 1926 mpaka 1929. Bwenzi lake Jean Badovici anathandizako, koma woyang'anira ntchito pamalopo anali Gray. Ankaganizira munthu wokhalamo mpaka pa tinthu ting'onoting'ono: anakonza katebulo kagalasi ka mwendo wachitsulo kotheka kukweza ndi kutsitsa, koti phazi lake lilowe pansi pa bedi munthu azidya ali pogona.

Mu 1938 ndi 1939, Gray atachokamo kale, katswiri wina wolemba mapulani a nyumba, Le Corbusier, anajambula zithunzi zikuluzikulu pamakoma oyera a nyumbayo osamupempha. Zimenezi zinamupweteka kwambiri, ndipo m'pomveka. Choipitsitsa n'chakuti kwa zaka zambiri anthu ankayesa nyumbayo ndi ya Badovici kapena ya Le Corbusier amene.

Dzina la Gray linayamba kumvekanso mu 1968, wolemba mbiri ya zomangamanga Joseph Rykwert atalemba za iye m'magazini ya Domus, mwiniwake ali ndi zaka 90. Mu 2009 mpando wake umodzi unagulitsidwa ku Paris pa mtengo wa mayuro 21.9 miliyoni.