Tsoka la Mfumu Oedipus: Anapalamula Ndani?

Pa mayeso a Chichewa mudzakumana ndi funso lofuna kuti mufotokoze chimene chinagwetsa mpangankhani wamkulu. Ophunzira ambiri amangoti linali tsoka, kenaka n'kuyamba kulongosola nkhani yonse kuchokera pachiyambi. Yankho lotere silikolola malikisi ambiri. Kuti muone chifukwa chake, tiyeni titsate mbiri ya sewero limene lakhala likuzunguza anthu mitu ndi funso lomweli kwa zaka zoposa 2,400. Mwina simudzalipeza pa pepala lanu la mayeso, koma mukalimvetsa mudzadziwa pogwira mukakumana ndi mpangankhani aliyense amene zinthu zinamuthera moipa.

Sewerolo ndi Mfumu Oedipus. Analilemba ndi Sophocles, Mgiriki wa mumzinda wa Athens, amene anabadwa cha m'ma 496 BC n'kumwalira cha m'ma 406 BC. Mkuluyu analemba masewero oposa 120, koma amene anatipeza ali athunthu ndi 7 okha. Masiku amenewo zisudzo zinkachitika pa chikondwerero cha mulungu wawo Dionysus, ndipo alembi ankapikisana. Anthu miyandamiyanda ankakhala pamtsetse wa phiri, pabwalo lopanda denga. Atengambali oyankhula ankakhala atatu okha, amuna okhaokha, ovala zigoba kumaso. Munthu mmodzi ankatha kutenga mbali zingapo pongosintha chigoba. Panalinso gulu la oyimba 15, ndipo m'seweroli gululi likuimira akuluakulu a mzinda.

Akatswiri ambiri amati seweroli linaonetsedwa koyamba cha m'ma 429 BC. Chakachi musachinyoze. Mu 431 BC Athens anayamba nkhondo ndi Sparta, ndipo anthu akumidzi anathawira mkati mwa linga la mzinda mpaka kuthithikana. Mu 430 BC munabuka mliri umene unapulula anthu ochuluka, ndipo mtsogoleri wawo Pericles naye anafa nawo mu 429 BC. Tsono sewero la Sophocles likuyamba ndi mzinda wa Thebes uli pa mliri: mbewu zikufota, ziweto zikufa, amayi akubereka ana akufa. Oonerera amene anali atangoika abale awo m'manda sankafunika kuuzidwa kuti mliri n'chiyani. Ngakhale zinali choncho, Sophocles anakhala wachiwiri pa mpikisanowo. Anapambana ndi Philocles, amene lero palibe sewero lake ndi limodzi lomwe lotsala lathunthu.

Nkhani yake ili motere. Laius, mfumu ya Thebes, anauzidwa ndi ula wa mulungu Apollo kuti adzaphedwa ndi mwana wake womubereka yekha. Mkazi wake Jocasta atabereka mwana wamwamuna, khandalo analiboola akakolo lisanathe masiku atatu, n'kulipereka kwa mbusa kuti akalitaye kuphiri la Cithaeron. Mbusayo anagwidwa chifundo nalipatsa mbusa mnzake wa ku Corinth. Kumeneko mfumu Polybus ndi mkazi wake Merope, amene analibe mwana, analilera ngati lawo. Oedipus atakula, munthu wina woledzera anamunyogodola paphwando kuti si mwana weniweni wa Polybus. Iye anapita kukachisi wa Apollo ku Delphi kukafunsa. M'malo momuyankha funso lake, ula unamuuza kuti adzapha bambo ake n'kukwatira mayi ake. Mnyamatayo analumbira kuti sadzapondanso ku Corinth. Ali m'njira, pamphambano ya njira zitatu, anakangana ndi nkhalamba ina yokwera galeta pa nkhani yopatukirana, ndipo anaipha pamodzi ndi anyamata ake, kupatula mmodzi amene anathawa. Atafika ku Thebes anamasulira chilapi cha chilombo chotchedwa Sphinx chimene chinkasautsa mzindawo. Anthu anamulonga ufumu n'kumupatsa mfumukazi yamasiye, Jocasta. Anabereka naye ana anayi.

Apa ndi pamene muyenera kutchera khutu. Zonse tafotokozazi sizichitika pabwalo la sewero. Pamene sewero likuyamba, ulosi unakwaniritsidwa kale zaka zambiri zapitazo. Chimene oonerera akuona ndi tsiku limodzi lokha, tsiku limene Oedipus akufufuza. Mlamu wake Creon wabwera kuchokera ku Delphi ndi uthenga woti mliri udzatha pokhapokha wopha Laius atachotsedwa mumzinda. Oedipus, monga mfumu yokonda anthu ake, akulonjeza kumupeza munthuyo.

Werengani anthu amene akumuletsa. Mlosi wakhungu Tiresias akukana kuyankhula, ndipo akuulula pokhapokha mfumu itamunyoza. Jocasta, atazindikira choonadi mwamuna wake asanachizindikire, akumudandaulira kuti aleke. Mbusa wokalamba uja akukana mpaka mfumu ikulamula kuti amupotokole manja. Anthu atatu, mipata itatu yobwerera. Onaninso kuti pakati pa sewero funso likusintha. Apollo analamula kuti apeze wopha Laius, koma Oedipus akufika pofunsa kuti iye mwini ndi mwana wa yani. Funso lachiwirili palibe mulungu amene anamutuma. Ndipo Jocasta atadzimangirira, Oedipus n'kudziboola maso ndi zomangira chovala cha mkaziyo, iye yekha akusiyanitsa zinthu ziwiri: mavutowo anadza ndi Apollo, koma dzanja limene linaboola maso ndi lake.

Kulimbana kwa mumtima kukuyamba pamene Jocasta, pofuna kumutonthoza, akutchula kuti Laius anaphedwera pamphambano ya njira zitatu. Kuchokera pamenepo mfumu ikukokedwa mbali ziwiri. Udindo ukuti pitiriza, anthu akufa. Mantha akuti leka, wopalamulayo angakhale iwe. Sophocles sanamuimike Oedipus payekha kuti atiuze zonse za kukhosi kwake, monga mmene Shakespeare anadzachitira ndi Hamlet kapena Macbeth patapita zaka pafupifupi 2,000. Nkhondoyo tikuionera m'mafunso ake. Akufunsa kuti Laius ankaoneka bwanji, anali ndi anthu angati, ndipo akukakamira kamfundo kamodzi, koti mboni inanena kuti opha anali ambiri pamene iye anali yekha. Munthu womira amagwira ndi udzu womwe. Inunso mukamalemba za kulimbana kwa mumtima, musangoti mpangankhani anavutika maganizo. Tchulani zinthu ziwiri zimene zikumukoka, ndipo onetsani chochita kapena choyankhula chimene chikutsimikiza zimenezo.

Nanga kusalidwa kwake kunadza bwanji? Kumayambiriro khamu la anthu lili pakhomo pake, likumudalira ngati kholo. Iye mwini ndiye akulengeza chilango cha wopha Laius: munthu asamulandire m'nyumba, asamuyankhule, asapemphere naye limodzi ngakhale kupereka naye nsembe. Oonerera ankaidziwa kale nthanoyi, choncho ankamva mfumu ikudzitchera msampha ndi pakamwa pake. Kwa Mgiriki, monganso kwa munthu wa m'mudzi mwathu muno, kuletsedwa moni ndi nsembe ndi imfa ya munthu akuyenda. Pomaliza Oedipus akupempha kuti amuthamangitsire kuphiri lomwe lija anatayidwa ali khanda, ndipo Creon akumulekanitsa ndi ana ake aakazi, Antigone ndi Ismene.

Patapita zaka pafupifupi 100, cha m'ma 335 BC, Aristotle analemba buku la Poetics, ndipo anatenga seweroli ngati chitsanzo cha sewero lachisoni lolukidwa bwino. Iye anati mtengambali woyenera sewero lotere sakhala woipitsitsa kapena wolungama kotheratu, koma amagwa chifukwa cha chimene m'Chigiriki amati hamartia. Liwuli limachokera ku mneni wotanthauza kuphonya, monga mmene mkondo umaphonyera nyama. Owerenga a m'zaka zapambuyo analimasulira ngati chilema cha khalidwe, motero kunabadwa chiphunzitso choti Oedipus analangidwa chifukwa cha kudzikuza ndi kupsa mtima.

Mu 1966 katswiri wa Chigiriki wa ku Oxford, E. R. Dodds, analemba nkhani yotsutsa maganizo amenewa, ndipo chimene chinamuutsa ndi mayankho a ophunzira pa mayeso. Ambiri analemba kuti Oedipus analandira zomuyenera. Ena analemba kuti anali chidole chabe m'manja mwa milungu. Dodds anakana zonse ziwiri, ndipo ine ndikuona kuti ankanena zoona. N'zoonadi kuti Oedipus ndi wa mtima wapachala: taonani mmene akunamizira Creon kuti akufuna kumulanda ufumu popanda umboni. Koma ulosi unaperekedwa iye asanabadwe, ndiye sungakhale chilango cha mkwiyo umene anali asanauonetse. Komanso chidole sichikana malangizo a anthu atatu. Akulu amati tsoka silinunkha, ndipo pamphambano paja silinanunkhedi. Koma chimene chikumugwetsa pa tsiku la sewero ndi makhalidwe ake abwino: kukonda anthu ake ndi kusafuna kukhala m'bodza. Mfumu yamantha ikanafa ili pampando, mliri n'kumaliza mzinda. Yankho lokhwima limasiyanitsa zimene mpangankhani anazipeza zitakonzedwa kale ndi zimene anasankha yekha, ndipo limapereka umboni wa mbali zonse ziwiri.

Nthanoyi inafikanso ku Africa. Mu 1967 ku Nigeria kunabuka nkhondo yapachiweniweni imene inatha mu 1970. Mu 1968, nkhondoyo ili mkati, Ola Rotimi anaonetsa ku Ife sewero lake la The Gods Are Not to Blame, limene linasindikizidwa mu 1971. Mutu wake womwewo ukuti milungu tisaiimbe mlandu. Rotimi anasamutsira nkhani yonse pakati pa Ayoruba. Thebes anasanduka Kutuje, Oedipus anakhala Odewale, Jocasta anakhala Ojuola, ndipo mlosi wakhungu ndi Baba Fakunle. Sphinx anamuchotsa: Odewale akulandira ufumu chifukwa chotsogolera anthu a ku Kutuje pa nkhondo yolimbana ndi adani awo a ku Ikolu.

Kusintha kwakukulu kuli pa imfa ya bambo. Kwa Sophocles mkangano unali wopatukirana njira. Kwa Rotimi ndi wa munda. Odewale akupeza nkhalamba ina ndi anyamata ake akukolola m'munda umene iye anauvutikira. Poyamba akuugwira mtima, koma nkhalambayo itanyoza mtundu wake ndi kayankhulidwe kake, akuipha ndi khasu. Ali pampando ku Kutuje, amadziona ngati mlendo pakati pa eni dziko, ndipo aliyense womutsutsa amamuganizira chiwembu cha mtundu. Kumapeto, atadziboola maso, akukana kuti anthu aloze chala milungu, ndipo akutchula kufooka kwake, kumene kuli kukonda mtundu mopyola muyeso. Oonerera a mu 1968 ankamva mawu amenewa abale awo akuphana pa nkhani yomweyo. Mtundu umene Odewale anauphera munthu sunali wake n'komwe. Iye anali mwana wa ku Kutuje, ndipo nkhalamba ija inali mfumu Adetusa, bambo ake omubereka.