Mudzi wa Dothi wa ku Gourna

M'caka ca 1945 Boma la Egypt linafuna kusamutsa anthu a ku Gourna, pafupi ndi Luxor, popeza anali kukhala pamwamba pa manda a makedzana. Nchito yowamangira mudzi watsopano inapatsidwa kwa Hassan Fathy, katswiri wolemba mapulani a nyumba.

Masiku amenewo zitsulo ndi matabwa zinali kusowa cifukwa ca nkhondo. Tsono Fathy anasankha njerwa zadothi zosaoca. Anaitana amisiri a ku Nubia, odziwa kumanga denga lokhota la njerwa zokha-zokha, lopanda mtanda kapena phaso. Zipupa zocindikala zinali kuletsa kutentha usana, ndi kufunditsa nyumba usiku. Anamanganso mzikiti, msika ndi sukulu.

Koma eni ace ambiri anakana kusamuka, pakuti anali kupeza cakudya cao ku manda komweko ndi kwa alendo odzawaona. M'caka ca 1948 nchito inaima mudzi usanathe.

Ngakhale zinatero, buku lace la 1969 linafalitsa nzeruyi m'maiko ambiri. Ife aphunzitsi titolepo ziwiri zouza ana athu: dothi si cizindikiro ca umphawi ai, ndiponso nyumba, ingakome cotani, isanduka bwinja ngati mwini wace sanaifune.