Kusudzula si Kupasula

Nkhani ikafika pamsika wa kwa Tengani, m'mbali mwa msewu wochokera ku Bangula kupita kuboma la Nsanje, imafika ndi mawu atatu okha: "Banja lija latha." Wonenayo satchula amene walithetsa. Langotha ngati ufa m'thumba, ngati madzi a m'thamanda mwezi wa Okutobala. Mawu amenewa amandivuta chifukwa amabisa anthu. Banja silitha lokha. Pamakhala wochoka, wotsala, ana, mbuzi, dimba ndi ngongole, ndipo chilankhulo chathu chili ndi mawu ena amene amatchula zonsezi mosabisa.

Ena mwa mawuwo amatha ndi "-ana", kachidutswa kosonyeza kuti chinthu chikuchitika mbali zonse ziwiri. Polowa m'banja timati mwamuna wakwatira, mkazi wakwatiwa. Wina wachita, wina wachitiridwa. Koma potuluka timati alekana, asiyana, apatukana. Kuleka ndi kuchotsa dzanja pa chimene unagwira, ndiye kulekana ndi aliyense kuchotsa dzanja lake. Kupatuka ndi kusiya njira yaikulu n'kulowa kanjira ka pambali. Opatukana amakhala asanatalikirane kwenikweni, wina akaitana mnzake akhoza kumva. Lamulo la maukwati ndi kutha kwa mabanja la mu 2015 nalonso limasiyanitsa ziwirizi: khoti likhoza kulola anthu kukhala mopatukana ukwati ukadalipo, kapena kuuthetseratu likaona kuti wafika posakonzekanso.

Mawu olemera kuposa onsewa ndi kusudzula. Tamverani mathero ake. Timatseka, n'kutsekula. Timavala, n'kuvula. Timayala mphasa, n'kuyalula. Timamata, n'kumatula. Kachidutswa aka ka "-ula" kamabweza chimene chinachitika, kutsata njira yomweyo chobwerera. Woyalula mphasa saing'amba. Amaipinda bwinobwino kuti idzagwirenso ntchito. Kusudzula kuli m'gulu lomweli. N'chifukwa chake mawu omwewa timawagwiritsa ntchito pa namfedwa: nthawi yolira ikatha, abale a malemu amamusudzula, kutanthauza kuti amamumasula poyera kuti apite mwamtendere, ndipo akafuna akakwatiwe kapena kukwatira popanda womuloza chala. Pamenepo palibe mkwiyo, palibe wothamangitsidwa. Pali kuvomereza kuti munthuyu anali wathu mwa ukwati, ndipo tsopano tikumubwezera kwa eni ake ali wathunthu.

Pali mawu enanso a "-ula" amene anthu amawasokoneza ndi awa. Kupasula nyumba ndi kusasula denga, kugwetsa zipupa, kusiya bwinja. Mwambi uja umati banja ndi awiri, wachitatu ndi kapasule. Koma ndaona kuti nthawi zambiri kapasule sachokera kunja. Mwamuna amene amagulitsa ng'ombe usiku nkhani isanafike kwa ankhoswe, mkazi amene amauza ana kuti bambo awo si munthu, achibale amene amathamangira kukazula malata, onsewa akupasula. Sakusudzula.

Wosudzula weniweni sakhala yekha. Ukwati wa mwambo umamangidwa ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndipo mfundo imamasulidwa bwino ndi amene anaimanga, chifukwa ndiwo akudziwa mmene chingwe chinayendera. Iwo ndi amene amakumbukira chimene chinaperekedwa, chimene chinalonjezedwa, ndi kangati anthuwa anakhalitsidwa pansi. Zikakanika, nkhani imapita kwa anyakwawa, kenako kubwalo la majisitireti, ndipo kumeneko ankhoswe amakhalanso mboni zofunika.

Kwa Tengani funso lakuti "akuchoka ndani" lili ndi mayankho awiri, chifukwa m'chigwa muno mumakumana miyambo iwiri. Amang'anja, eni ufumu wa Tengani ndi wa Lundu, anthu a kachisi wa Mbona ku Khulubvi, amatsata mtundu kuchikazi. Mwamuna amakakhala kwa mkazi ngati mkamwini, ndipo m'mawu amenewa muli "mwini": ndi munthu wa eni ake, wobwereka. Akale anati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ndipo aliyense amene anagwirapo mlamba wa mu Shire ndi manja akumva. Banja likatha, iye amanyamula zake n'kubwerera kwawo, ana n'kutsala m'mbumba ya mayi awo pansi pa atsibweni. Asena, amene analowa m'chigwachi ambirimbiri kuchokera ku Zambezi kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, amalowola. Mkazi amatengedwa kupita kwa mwamuna, monga mawu akuti mtengwa ndi chitengwa akunenera, ndipo ana amawerengedwa kuchimuna. Kumeneko ukwati ukatha wochoka ndi mkazi, ndipo nkhani ya chuma chimene chinaperekedwa imadzuka.

Mitundu iwiriyi yakwatirana kwa mibadwo ingapo, moti mabanja ambiri ali ndi mwendo uku ndi uku. Pa tsiku la chinkhoswe palibe amene amafuna kufunsa kuti tikutsata mwambo uti. Funsolo limadzabwera pa tsiku lolekana, mbali iliyonse itagwira mwana dzanja limodzi. Apa lamulo loteteza ana la mu 2010 linaika muyeso wina pamwamba pa miyambo yonse iwiri: chimene chili chabwino kwa mwanayo. Linanenanso kuti udindo wolera ndi wa makolo onse awiri, kaya akukhala limodzi kaya ayi. Mkamwini woterereka amakhalabe ndi udindo wa sopo, yunifolomu ndi mankhwala. Bambo wolowola sanagule mwana.

Pa katundu, mawu athu ndi kugawana, ndipo "-ana" uja wabweranso. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limati ukwati ukatha mkazi ali ndi ufulu wolandira gawo loyenera la katundu amene anali wa onse awiri, komanso chisamaliro choyenera. Makhoti athu akhala akulemekezanso lamulo la chikamwini lakuti mwamuna amangire mkazi nyumba kwawo kwa mkaziyo. Vuto limagona pa mawu akuti "wa onse awiri". Mwamuna amati ngolo ndinagula ndine, ndalama ya thonje inali m'thumba mwanga. Koma thonjelo anapalira ndani? Madzi osefukira akaphwa, ndani anali kudimba kubzala chimanga ndi mbatata, mwana ali kumbuyo? Ine ndimati khasu limasainira katundu monga mmene cholembera chimachitira. Ngongole nayonso igawidwe. Si chilungamo kuti mayi atsale akubweza ya kubanki m'khonde imene inagula njinga yomwe yapita ndi mwamuna.

Choipa kwambiri chimene ndikuchidziwa pankhani imeneyi chilibe dzina la mwambo, chifukwa mwambo sunachivomereze. Ndi kungosowa. Mwamuna amapita ku Joni, ku Nchalo kapena kutsidya ku Mozambique, foni imalira miyezi itatu, kenako zii. Mkazi amatsala m'malere: si wapabanja, si mbeta. Sangakwatiwe, pakuti sanasudzulidwe. Akagulitsa mbuzi, achibale a mwamuna amafunsa. M'dera limene madzi anasamutsa anthu mu Januwale 2015, mu Malichi 2019 ndiponso pa namondwe Freddy mu 2023, ndipo thandizo limalembedwa potsata mabanja, kusadziwika kuti mutu wa banja ndani si nkhani yaing'ono. Mayi wotereyu ndiye amene timamva kuti akudwala maganizo. Amaonda, sagona, amasiya kupita kumpingo. Chikumudya si chikondi chotayika chokha. Ndi chitseko chimene sichinatsekedwe komanso sichinatsekulidwe.

Alangizi amatiuza kuti banja ndi kupirira, ndipo pa njala, matenda ndi kusowa akunena zoona. Koma pamene pali chibakera ndi chikwanje, kupirira kumapha. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja lilipo kuyambira 2006, ndipo kupolisi kuli ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Nkhoswe amene amabweza mlongo wake ali ndi mabala kuti akapirire waiwala ntchito yake. Iye ndi amene ayenera kuyamba kunena kuti mwana wathuyu timusudzulitse akadali moyo.

Ndayesa kufufuza mneni wobweza kubala, monga kuvula kumabwezera kuvala, ndipo m'Chichewa mulibe. Mwamuna akhoza kuleka kukhala mwamuna wa uje, koma dzina limene mudzi unamupatsa mwana woyamba atabadwa limakhalabe. Mkazi amene anasudzulidwa zaka khumi zapitazo, akakumana naye pachigayo, amamuitanabe kuti bambo ake a uje, iyenso n'kuyankha kuti mayi ake a uje, mwadzuka bwanji. Amene anali apongozi tsopano ndi agogo a mwana, ndipo maliro akagwa kumudzi kwawo, mwanayo amayenera kupita, atanyamula kankhuni ndi kaufa kamene mayi ake amupatsira.