Chitsulo Chinachepa, Koma Kutentha Sikunachoke

Nkhani yathu ya lero ikuyambira ku Lilongwe. Pamene likulu la dziko linasamuka ku Zomba m'chaka cha 1975, m'midzi anthu ankamvera wailesi za mabatire za Nzeru. Koma m'nyumba zatsopano za ku Area 10 ndi Area 12 munali wailesi zikuluzikulu zolumikiza kukhoma, ndipo wozinyamula ankazimva kulemera. Cholemeracho chinali thiransifoma, chitsulo chokulungidwa ndi waya wa kopa, chimene chimatsitsa mphamvu ya magetsi kuti wailesi isapse.

Nzeru yake njakale. Michael Faraday wa ku England anaitulukira mu 1831, ndipo mu 1885 amisiri a ku Budapest anapanga thiransifoma yogwira ntchito yeniyeni. Magetsi athu amapita ndi kubwerera ka 50 pa sekondi imodzi, ndipo liŵiro lochepa chotere limafuna chitsulo chachikulu. Pambuyo pake amisiri anaona kuti akamayatsa ndi kuzimitsa magetsiwo kambirimbiri pa sekondi, thiransifoma ingathe kuchepa kwambiri. Kompyuta ya Apple II ya mu 1977 inagwiritsa ntchito njira imeneyi. Lero tchaja ya foni imene mumagula pa msika wa ku Old Town ili ndi kathiransifoma konga nsonga ya chala.

Chimene sichinasinthe ndicho kutentha. Waya amatentha magetsi akamadutsamo, nacho chapakati pake chimatentha chifukwa cha kusinthasintha kwa maginito. Chitsulo chachikulu chija chinali ndi thupi lokwanira kutayira kutenthako mumphepo, pamene kakang'onoka katsekeredwa m'kabokosi ka pulasitiki. Utoto wokuta waya uli ndi malire ake: wina umapirira madigiri 105, wina 130. Amisiri amaŵerengera kuti kutentha kukaonjezeka ndi madigiri pafupifupi 10, moyo wa utotowo umadulidwa pakati. Utoto ukapsa, mawaya amakhudzana, ndipo moto umayambira pomwepo.

N'chifukwa chake mmisiri wosamala sayesa thiransifoma ili pamtetete. Amaitsekera m'bokosi lake, naigwiritsa ntchito yonse imene inapangidwira, nadikira mpaka kutentha kutaleka kukwera, kenaka n'kuyeza. Akatero amaganiziranso nyengo ya kumene chipangizocho chikupita. Chimene chapambana mayeso mu ofesi yozizira ya ku City Centre chingalephere m'nyumba ya malata mwezi wa Okotobala, pamene Lilongwe amapyola madigiri 30.

Tsono inu omvera, dzanja ndi mphuno ndizo zoyezera zanu. Tchaja yofunda chabe ilibe vuto. Koma ikamawotcha dzanja, kapena kununkha pulasitiki wopsa, izuleni pakhoma msanga, ndipo musaisiye pansi pa pilo usiku.