Helen Joyce

Helen Joyce ndi mtolankhani wa ku Ireland amene anaphunzira masamu asanayambe ntchito ku magazini ya The Economist mu 2005. Buku lake la mu 2021, Trans: When Ideology Meets Reality, limati malamulo a ndende ndi masewera azitsatira thupi lobadwa nalo, osati mmene munthu amadzionera. Omenyera ufulu wa anthu osintha kukhala amuna kapena akazi amati bukuli limaonetsa anthu osinthawo ngati oopsa. Dandauloli n'lomveka, poti maganizo awo sapatsidwa malo okwanira m'bukumo, komabe siliyankha funso la chitetezo cha akaidi achikazi. Bukuli ndi mtsutso wa mbali imodzi, ndipo mu 2022 Joyce anayamba kugwira ntchito ku bungwe la Sex Matters, lolimbikitsa maganizo omwewo.