Linunda la Mnzathu Uja: Mbiri ya TB ya Msana

Anzanga amene tinkagona limodzi m'hositelo muja, kodi mukumukumbukira mnyamata wa Fomu 2 amene ankayenda chowerama atagwira m'chiuno? Tinkati ndi ulesi, akuthawa kutchetcha. Linunda litatuluka, tinayamba kunong'onezana kuti amulodza. Anachoka pakati pa teremu osabweranso. Ine ndinali mmodzi mwa omuseka. Patapita zaka, mbale wake anandiuza kuti chinali chifuwa chachikulu cholowa mumsana, ndipo miyendo inafa asanafike kuchipatala. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikufufuza mbiri ya nthendayi.

Nthendayi ndi yakalekale. Zizindikiro zake zinapezeka m'mitembo youmikidwa ya ku Egypt ya zaka pafupifupi 3,000 zapitazo. M'chaka cha 1779, dokotala wa opaleshoni wa ku London, Percivall Pott, analongosola za odwala opindika msana ndi kufa miyendo, ndipo mpaka lero madokotala amaitchula nthendayi ndi dzina lake. Koma Pott sankadziwa choiyambitsa. Kachilombo kake anakatulukira ndi Robert Koch ku Berlin m'chaka cha 1882.

Kachilomboka kamachoka m'mapapo kudzera m'magazi, n'kukakhazikika m'mafupa a msana. Kamawadya pang'onopang'ono kwa miyezi mpaka atatiphwanyika, ndiye linunda lija. Mafinya amatsika motsata mnofu n'kukatupira m'chiuno kapena pantchafu, chotupa chosatentha ngati chithupsa wamba. Mafupa kapena mafinya akapanikiza mtsempha waukulu wa mumsana, miyendo imafooka.

Kale kunalibe mankhwala. Ku Ulaya ana ankagonekedwa m'chikhakha kwa zaka, ena m'zipatala za m'mbali mwa nyanja ngati ku Berck ku France, kudalira mphepo yabwino ndi dzuwa. Zinthu zinasintha streptomycin atapezeka mu 1943, kenako isoniazid mu 1952. Mu 1956, Hodgson ndi Stock ku Hong Kong anafotokoza opaleshoni yochotsa fupa lowola ndi kuikapo lina. Kafukufuku wa bungwe la ku Britain la Medical Research Council, amene anachitika ku Korea, Hong Kong ndi Bulawayo kuyambira m'ma 1960, anasonyeza kuti odwala ambiri amachira ndi mankhwala okha, akuyenda, popanda kung'ambidwa.

Tsono mnzathu uja anadwala mankhwala alipo kale. Chimene chinasowa ndi munthu womukhulupirira msanga. Mankhwala amapha kachilombo, koma msana ukapindika kuuwongola n'kovuta.

Ambiri a ife tsopano ndife makolo, ena ndi aphunzitsi. Mwana akamadandaula msana kwa milungu yambiri, akuwonda ndi kutuluka thukuta usiku, tisamuseke. Tipite naye kuchipatala akamuunike. Mankhwala a TB ndi aulere m'zipatala za boma. Ine mwayi wopepesa mnzathu uja ndinautaya.