Oocha Malasha Anaona Ndeke Yaciwiri

Acinyamata anzanga, mukaona amalasha akulowa m'Mandevu m'mamawa ndi masaka pa njinga, musawapepuse. Anthu a nchito yomweyi anakhalapo mboni pa mlandu umene dziko lonse likali kuufunsa.

Usiku wa pa 17 kucera pa 18 September 1961, ndeke ya DC-6 yochedwa Albertina inagwa m'thengo pafupi ndi Ndola. Munali anthu 16, ndipo mmodzi wa iwo anali Dag Hammarskjöld, mlembi wamkulu wa United Nations. Iye anali kubwera kudzaonana ndi Moise Tshombe kuti nkhondo ya ku Katanga ithe. Amene anapezeka wamoyo ndi Harold Julien yekha. Asanamwalire m'cipatala patapita masiku ocepa, anakamba za kuphulika ndi moto wothetheka kumwamba.

Oocha malasha amene anagona m'thengomo anati anaona ndeke ina yaing'ono ikutsata yaikuluyo, kenaka kuwala kwa moto. Timothy Kankasa wa ku Twapia nayenso anacitira umboni kuti ndeke zinali ziwiri. Nanga yaciwiriyo inali ya ndani? Katanga inali ndi ndeke yankhondo ya mtundu wa Fouga, motero ambiri anakaikira kumeneko.

Apa ndiye pamene mau a akuluakulu anasiyana. Ngakhale kuti Albertina inagwa pafupi ndi bwalo la ndeke, boma linati linaipeza masana, patapita maola pafupifupi 15. Mu 1962 bungwe lofufuza la Federation ya Rhodesia ndi Nyasaland linati oyendetsa ndeke ndiwo analakwa, ndipo umboni wa anthu akuda silinauwerengere. Caka comweco bungwe la United Nations linakana kutseka mlandu, linati ciwembu sicingacotsedwepo. Mu 2017 Mohamed Chande Othman, amene anali mkulu wa oweruza ku Tanzania, anapeza kuti nkotheka ndithu kuti ndekeyo inaukiridwa. Mu 2024 anali kudandaulabe kuti America, Britain ndi South Africa sanatulutse makalata onse amene akusunga.

Kusintha mau kotere si kwacilendo. Mu July 1947 asilikali a ku Roswell ku America analengeza kuti atola mbale youluka, posakhalitsa anati cinali cibaluni coyezera nyengo. Mu 1994 anavomera kuti cinali cibaluni cacinsinsi ca Project Mogul, comvetsera mabomba a Soviet Union.

Ku Ndola munthu wosauka ananena zimene anaona, koma anamuyesa mbuli cifukwa ca khungu ndi nchito yake. Panapita zaka zoposa 50 kuti umboni wake uyambe kumvedwa, mboni zambiri zili kale m'manda. Conco mukamva cilengezo, funsani kuti ndani anaona, ndipo ndani sanafunsidwe. Agogo anu akali moyo, khalani nao pansi, mulembe zimene anaona, tsiku ndi malo ake omwe.